Mwala Wachinayi wa pa Kathanthwe

Lachiwiri, 12 Ogasiti 2003

Lidia 08:05
faines wadzuka? ndangotuluka ku ofesi ya migodi kuno ku lilongwe. mafomu a gulu lanu loswa miyala adutsa. chatsala bwana adzaone malo lachisanu, akasayina chiphaso chanu chatuluka

Faines 08:41
asisi zoona?? ndafuula pamwamba pa thanthwe pano mpaka mbuzi za eni zamwazika. amayi onse 14 asiya mahamala akuvina

Lidia 08:44
kkk auze akhale pansi sichinatuluke. wobwerayo ndi a msukwa omwe aja anadzayeza malo mu juni. ndawapatsa nambala yako poti mlembi ndiwe

Faines 08:52
aja aatali osaseka aja? mayo ine. ok zkm asisi, mwatiyendera maofesi ngati ndinu woswa nawo

Lidia 08:55
mvetsa izi. kalaliki wandinong'oneza kuti pali bambo wina wa mtauni wa makina naye analemba pempho la phiri lomwelo. lanu lili patsogolo. mukangolephera amupatsa iye

Faines 09:03
kathanthwe wathu yemweyu?! amayi anayamba kuswa pano ife tili pa msana. ndiye tikaswe kuti

Lidia 09:04
ndiye osalephera. basi

Bambo Msukwa 10:20
Mayi Faines, mlembi wa Tiswenawo. Ndifika Lachisanu 10 koloko kuchokera ku Ntchisi. Ana asapezeke pa malo a ntchito. Matayala osawotcha pa thanthwe pofuna kuling'alula, gwiritsani nkhuni.

Bambo Msukwa 10:22
Miyala inayi ya penti yoyera imene ndinaika m'makona ndiyo malire anu. Isasunthe. Ukasuntha umodzi pempho limafa. Zikayenda bwino boma lipereka mahamala, mawilibala ndi magalasi otchinga maso.

Faines kwa bambo Msukwa 10:37
Zikomo bwana tamva zonse. Tikuyembekezerani. Muyende bwino.

Faines 12:15
asisi msg za a msukwa ndakutumizirani muone. a sabina apampando athu aitanitsa msonkhano. akuti mlendo wa boma salandiridwa pa fumbi. nkhuku ziwiri, nyimbo zitatu, chisakasa, kulambula njira yonse kuchokera ku msewu

Lidia 12:31
aaa inu anthu! ino ndi matipate, sikukubwera nduna. munthu akudzaona malire basi

Faines 12:40
kawauzeni nokha. a sabina anali apampando a amayi nthawi ya chipani chimodzi, za alendo amazidziwa kuposa katekisimu. atulutsa kale wezulo

Lidia 12:42
kkkk wezulo ujabe ulipo?

Faines 12:49
ulipo ndipo ukulira. ine mawa kulibe, ndikuperekeza apongozi ku chipatala ku mtengowanthenga, miyendo ija yatupanso. akonza okha

Lachitatu, 13 Ogasiti

Lidia 11:10
apongozi ali bwanji

Faines 15:26
abwerako bwino awapatsa mapilitsi. koma asisi mukanaona kuno! njira yalambulidwa mbee, miyala yopaka laimu mbali zonse ziwiri kuyambira ku msewu mpaka pa thanthwe. ngati pa boma penipeni

Faines 15:29
ndawerenga mbali imodzi yokha ndatopera pa 90. a sabina ndi akatundu ndithu, ndawagwira chanza

Lidia 15:33
mwakhoza. laimu munaipeza kuti

Faines 15:38
yotsala ku tchalitchi. akuti inachepa koma kristina wa mgulu lathu anapeza miyala ina yoyera kale m'thengo ndiye inakwa

Faines 15:39
dikirani

Lidia 15:41
yoyera kale??

Lidia 15:50
faines

[Lidia waimba 15:58, sinayankhidwe]

Lidia 16:14
iwe tayankha ndikutha mayunitsi

Faines 16:47
asisi tafa

Faines 16:49
ndazungulira makona onse anayi. palibe mwala olo umodzi. kristina ndi anzake awiri analowa gulu mu julayi, sanaone poyeza. anangoona miyala yoyera bwino nati bola iyi siidya laimu. aindandalika mu njira

Lidia 16:52
MULUNGU WANGA. msg ya a msukwa sunawawerengere?

Faines 16:58
ndinawerenga dzulo pa msonkhano! koma atangomva mawilibala anayamba nthungululu, za miyala zinapita ndi mphepo. kristina akulira pano, akuti amafuna kukometsa

Lidia 17:01
usamukalipire. inayo mungaizindikire pakati pa yonseyo?

Faines 17:12
marita mnzathu woswa naye waganiza nzeru. tikuthira madzi mwala uliwonse, laimu akusungunuka penti ayi. tapeza itatu kale. ndowa zisanu ndi imodzi zatha, msana wanga uwu

Faines 17:40
wachinayi wapezeka, unali pa khomo la chisakasa penipeni pomwe bwana akakhale. dzuwa lapita, malo ake tifuna mawa

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lidia 06:50
sindinagone bwino. ndiuze

Faines 08:20
kona yoyamba yosavuta, patsinde pa msuku dzenje lake likuoneka. yachiwiri udzu unachita chikasu pomwe unakhala. yachitatu penti inadonthera pa nthaka. itatu yabwerera mwakale ndendende

Lidia 08:23
ambuye alemekezeke. wachinayi?

Faines 08:31
apo ndiye pavuta. ndi kumunsi kuja ku malire ndi munda wa a nedson. mpomwe analambula kwambiri ndi makasu, kusesa, kuthira madzi. palibe chizindikiro olo pang'ono

Lidia 08:34
iwe sunayende nawo poyeza mu juni?

Faines 08:40
makona awiri okha. kenako a sabina anandiitana kukasosola nkhuku ya bwana. tonse tinali ku mapoto, iwo anamaliza ndi mnzawo wa tepi yoyezera

Lidia 08:41
nkhuku zidzakumalizani anthu inu

Faines 09:15
mkangano wabuka. pali thanthwe lina lafulati losweka bwino ngati buledi. a sabina akuti mwala unali kuseri kwake, ndiye kuti thanthwelo ndi lathu. marita akuti unali mbali ino, ndi la a nedson

Lidia 09:19
a nedson eni akuti chani

Faines 09:24
ali ku kanengo ndi fodya wawo, abwera sabata ya mawa. akazi awo akuti za malire sadziwa

Lidia 09:30
mvera ine. ikani pakati mpakati, mukwirire bwino, muwaze udzu wouma. a msukwa amayenda mapiri ambiri, sangakumbukire mwala umodzi. osawauza kanthu

Faines 09:52
a sabina akutinso zomwezo, koma iwo akufuna kuseri kwa thanthwe osati pakati

Lidia 09:54
ndiye gwirizanani msanga. anthu 14 asataye phiri chifukwa cha mwala

Faines 10:46
asisi pa fomu pali pomwe mlembi amasayina kuti malire sanakhudzidwe. dzina likhala langa

Lidia 10:49
ndi siginecha chabe faines

Faines 11:02
kwa inu. ine a nedson ndimakhala nawo mphakati umodzi, mwana wanga anamuimira pa ubatizo ndi akazi awo. ndikawadyera munda ndi cholembera ndiziwapatsa moni bwanji

Faines 11:04
komanso ndikuopa. bodza sindilitha, nkhope yanga imanena yokha

Lidia 11:07
ananena okha kuti ukasuntha umodzi pempho limafa. inu mwasuntha inayi. ukufuna kudzitengera wekha ku mpeni?

Lidia 11:30
faines usachite zopusa plz

Faines kwa bambo Msukwa 12:05
Bwana pepani ndi Faines wa Tiswenawo. Pokonza njira yokulandirani anzathu atsopano anatola miyala yanu inayi osadziwa. Itatu tabwezera pamalo pake penipeni.

Faines kwa bambo Msukwa 12:08
Wachinayi wa ku munda wa a Nedson malo ake sitikuwadziwa. Sitinafune kuba malo, kunali kukometsa. Tiuzeni chochita. Pepani kwambiri.

Faines 12:11
ndawauza

Lidia 12:12
WAWAUZA NDANI CHANI

Faines 12:16
a msukwa. zonse

Lidia 12:20
ine miyezi itatu ndikuyenda wapansi kuchokera ku kawale kupita ku maofesi, nsapato zinatha. iwe nkungotaya ndi msg imodzi

Lidia 12:21
ayankha chani

Faines 12:44
sanayankhe

Faines 14:02
sanayankhebe

[Faines waimbira bambo Msukwa 14:30, sinalowe]

[Faines waimbira bambo Msukwa 15:45, sinalowe]

Faines 15:51
foni yawo siikulowa. kapena akwiya azimitsa

Lidia 16:10
a sabina wawauza zomwe wachita?

Faines 16:22
ndawauza pamaso pa onse. anangoti chabwino alembi, mwatigulitsa. marita yekha ndi amene anayenda nane pobwerera

Faines 16:25
asisi mwakwiya?

Faines 17:18
ok

Lachisanu, 15 Ogasiti

Lidia 06:12
ndinakwiya inde. koma ndiwe mng'ono wanga. wadya kanthu? vala chitenje chabuluu chija, uime mowongoka

Faines 07:05
zkm asisi. phala lokha. sanayankhebe mpaka pano

Faines 07:48
ha! ndafika ndapeza a sabina alawirira, mwala wachinayi auika kale kuseri kwa thanthwe lafulati. akwirira bwino, awaza ndi udzu. akuti poti bwana sanayankhe ndiye kuti msg inasochera, aliyense atseke pakamwa

Lidia 07:52
ndiye iwe utani

Faines 08:01
sindikudziwa. onse akundiyang'ana ngati ndaba mchere

Faines 09:56
galimoto yaoneka ku msewu. land rover yoyera. wezulo walira

Lidia 10:05
zikuyenda bwanji

Lidia 10:40
faines

Lidia 11:15
olo kungoflasha kuti ndidziwe uli moyo

[Lidia waimba 11:50, sinayankhidwe]

Lidia 12:30
ndalephera kutaipa kalata ya abwana anga katatu. ukundidwalitsa iwe

Lidia 13:05
ngati zakanika ingonena. tiona pena, sikutha kwa dziko

Faines 13:34
asisi khalani pansi ndikuuzeni bwinobwino. musandidule

Faines 13:37
afika, taimba nyimbo imodzi yokha atikweza dzanja akuti ntchito kaye. chisakasa sanakhalemo. nkhuku akuti sadya asanalembe lipoti, ndi lamulo lawo. nkhope ya a sabina mukanaiona

Faines 13:41
ayang'ana ngati pali ana, palibe. afufuza phulusa ngati muli waya wa matayala, mulibe. afunsa maenje tikamaliza timatani, tati timakwirira. akungolemba

Faines 13:44
tayamba makona. mwala woyamba bho. wachiwiri bho. wachitatu uli pamwamba penipeni paja pogwira bwino netiweki. tangofika apo foni yawo mthumba tiii tiii. kenako tiii tiii

Lidia 13:45
AYI

Faines 13:49
ndati musandidule! kani anali ku mapiri a ku ntchisi masiku awiri kopanda netiweki, abwera njira ya fumbi. msg zanga za dzulo zawapeza pompo, ine ndili pambali pawo, a sabina mbali inayo

Faines 13:53
awerenga. abwerezanso. atiyang'ana tonse. akuti mayi faines ndi ati. ndati ndine bwana. akuti zomwe mwalembazi mukuzinenabe? ndati eya bwana

Lidia 13:54
a sabina??

Faines 13:58
anangotitsatira. tatsikira kumunsi, mwala uli phee kuseri kwa thanthwe lafulati ndi udzu wake. bwana akuti uwu waika ndani. nkhuku ikununkhira uko, ife thukuta

Faines 14:03
kenako a sabina akuti ndine bwana, ndimayesa unali pamenepo. a msukwa atulutsa pepala la mu juni ndi tepi, ayeza kuchokera pa msuku, akuti ndipatseni khasu

Faines 14:07
akumba pang'ono chabe. khasu ngwee! asisi CHITSULO. kani pansi pa mwala uliwonse anakhomera chitsulo nkukwirira, tsiku lija ife tili kalikiliki ndi nkhuku

Lidia 14:08
mayooo

Faines 14:12
chitsulo chili mbali ino. mapazi 11 kuchokera pomwe a sabina anaika. marita ananena zoona, thanthwe lafulati ndi la a nedson. olo pakati mpakati panu paja tikanagwidwa

Lidia 14:14
ndamva, usandikumbutse. ndiye pempho lafa?

Faines 14:19
akuti kona ya ku malire ndi munda wa munthu amakumba ndithu, msg kapena ayi. akanapeza mwala pena chitsulo pena ife tili chete, akanatseka faelo pompo. akuti achita zomwezo kwina mwezi watha

Faines 14:23
koma poti mlembi ananena yekha dzulo 12 koloko iwo asanafike, nthawi ikuoneka pa foni, alemba kuti inali ngozi yonenedwa. osati kuba malo

Lidia 14:24
faines ASAYINA KAPENA AYI

Faines 14:26
ASAYINA!!!

Faines 14:27
asayina asisi. chaka chimodzi, chomakawonjezera. kathanthwe ndi wa tiswenawo

Lidia 14:29
ndikulira mu ofesi muno anthu akundidabwa

Faines 14:36
ifenso tinalira. atiitana mayina mmodzimmodzi, odziwa kulemba kusayina, ena chala. kristina anadinda chala mpaka inki pa chibwano

Faines 14:40
mwala anati aubweze amene anausuntha. a sabina anausenza okha pamutu, osafuna nkhata, mapazi 11 onse. palibe anaseka. anauika pa chitsulo nkuupondera

Lidia 14:43
mayi aja ndi olimba ndithu. nanga nkhuku kkk

Faines 14:50
atatha kulemba anadya, mpaka kupempha chiwindi. ndipo amaseka kani! akuti mapiri onse omwe ayenda sanaone gulu lobisa malire ake pakati pa miyala 200 yofanana

Faines 14:54
akuti thanthwe lafulati tikalifuna tikambe ndi a nedson, akalola tilembe pempho lina iwo adzayezanso. palibe choletsa

Bambo Msukwa 16:31
Mayi Faines, ndafika pa boma. Chiphaso mudzatenge pa 29. Zipangizo zibwera ndi galimoto ya ofesi mu Seputembala, pamodzi ndi maphunziro a masiku awiri. Tsiku limenelo musalambule chilichonse.

Faines kwa bambo Msukwa 16:48
Zikomo bwana. Sitikhudza olo udzu.

Lidia 17:02
faines dzulo ndinakulangiza zolakwika. pepa. ndinkaopa

Faines 17:15
nanenso ndinkaopa asisi. mubwere pa 29 tsiku lotenga chiphaso, mundigulire sopo wonunkhira basi tikhala takhululukirana

Lidia 17:17
wakuba iwe kkk. ok

Loweruka, 16 Ogasiti

Lidia 07:20
mwadzuka bwanji eni phiri. a sabina akulankhula?

Faines 07:58
ayi. dzulo pobwerera anadutsa pakhomo pathu osapereka moni. zikundiwawa, mayi aja anandiphunzitsa kugwira hamala ndili mtsikana

Lidia 08:01
apatse nthawi. achita manyazi pamaso pa gulu lawo

Faines 08:09
ndikukwera pano. mwina ndikhale kumapeto ndi kristina lero, ndisawaonjezere

Lidia 08:40
zili bwanji

Faines 09:02
ndafika ndapeza onse akhala kale. pambali pa a sabina pali malo, ayalapo thumba, mulu wa miyala andiunjikira kale. marita akuti anabwera 6 koloko kudzandisungira, wina atafuna kukhalapo anamuthamangitsa

Lidia 09:04
anena chani

Faines 09:07
sanandiyang'ane nkomwe. angoti alembi mwachedwa, dzuwa silidikira

Faines 09:08
ndikuika foni pa chitenje asisi. ndakhala pansi

Lidia 09:09
iswani bwino

Lidia 12:15
mwapuma?